Za Mwana Wathu ndi Fomu ya ku Yunivesite

Inu eni mabanja a kuno ku mapiri a Dedza, mwezi uno tifuna kukusimbirani nkhani ya m'nyumba mwathu. Sitiikamba ngati kuti nyumba yathu iposa zina, iai, koma pakuti ambiri a inu mwakhala mukutiimika, ena pa msika wa pa Bembeke, ena pa maliro, ena m'njira ya ku chigayo, ndi kutifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mwana wanu wamkazi uja analowa bwanji ku yunivesite? Munaonana ndi yani?" Ndipo ife tinali kuyankha mawu awiri atatu n'kupitirira. Tsono lero tinena zonse mwa dongosolo lake, pamodzi ndi zija zimene zitichititsa manyazi.

Mtsikana wathu, ndiye mwana wachisamba, analemba mayeso a Fomu 4 m'chaka cha 2023, mayeso aja a bungwe la MANEB amene atchedwa MSCE. Inu amene simunakhalepo ndi mwana m'kalasi imeneyi mudziwe kuti chiwerengero cha mayeso awa chiyenda chobwerera m'mbuyo. Pa nkhokwe, wothira madengu ambiri ndiye mlimi; koma pa mayeso awa wopata pang'ono ndiye wapambana. Phunziro lililonse alipatsa nambala kuyambira 1 kufikira 9. Wopata 1 kapena 2 wakhoza koposa. Kuyambira 3 kufikira 6 ndiyo kirediti. 7 ndi 8 ndiko kuwoloka mtsinje madzi ali m'khosi. Ndipo 9 ndiko kukokoloka. Pamenepo atenga maphunziro 6 amene mwana wachita bwino koposa, nawaphatikiza, ndipo chotulukapo ndiwo mapointi. Motero palibe mwana angathe kupata ochepera 6.

Wathu anapata 10. Agogo ake aakazi, amene maso awo achita khungu koma makutu akali akuthwa, atamva kuti mdzukulu wawo wapata 10 pamene mnyamata wina wa kutsidya kwa dambo wapata 34, anagwetsa ndodo nati, "Amubera mwanayu! Kuwerenga konse kuja pa koloboyi, n'kumpatsa khumi okha?" Tinatha madzulo onse kuwamasulira, ndipo kufikira lero sitikhulupirira kuti anavomera ndi mtima wonse. Tinapha nkhuku, anansi anadza kudzapereka moni, ndipo ife tinagona tsiku limenelo tilikuyesa kuti ntchito yatha. Kumeneko ndiko kunali kulakwa kwathu koyamba.

Pakuti satifiketi si malo. Satifiketi ndiyo chilolezo cha kuima pa khomo ndi kugogoda, pamodzi ndi ena zikwi zambiri amene alinkugogoda khomo lomwelo. M'dziko muno muli mayunivesite a boma 6: University of Malawi ku Zomba, ya ku Mzuzu, ya zaulimi ya LUANAR imene ambiri aidziwa ndi dzina la Bunda, ya MUST ku Thyolo, ya MUBAS imene kale inali Polytechnic ku Blantyre, ndi ya zaumoyo yotchedwa Kamuzu University of Health Sciences. Mwana sayenda kukapempha malo ku iliyonse payokha. Alemba fomu imodzi, imene ipita ku bungwe la boma loyang'anira maphunziro apamwamba, la NCHE, ku Lilongwe. Ndipo pa fomuyo andandalika maphunziro amene afuna, mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, kutsika m'munsi. Woyenera kulemba ndiye amene ali ndi makirediti 6, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi. Osankha ayamba kumuyang'ana pa mzere woyamba; akasowa malo pamenepo, amuyang'ana pa wachiwiri; ndipo pamene dzina lake lapeza malo, pomwepo aima, sapitirira. Mawu otsirizawa muwasunge, chifukwa pa iwo ndi pamene nyumba yathu inatsala pang'ono kupasuka.

Mukafunsa chifukwa chimene khomoli lichepera chotere, yang'anani ana. Pamene University of Malawi inatsegulidwa m'chaka cha 1965 ku Chichiri, ophunzira oyamba anali ngati 90, ndipo masiku amenewo mnyamata wofika Fomu 4 anali kudziwika boma lonse. M'chaka cha 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anasefukira m'makalasi ndi pansi pa mitengo. Ana a iwowa ndiwo alinkulemba Fomu 4 tsopano. Mayunivesite achuluka ndithu, koma ana achuluka koposa. Ndiponso akulu ena kuno kwathu akali kuyesa kuti boma la Dedza lili ndi gawo lakelake la malo, limene ana a kwina sangalikhudze. Zinali choncho m'masiku a kota, imene boma linaibwezeretsa m'chaka cha 2009. Koma inathetsedwa m'chaka cha 2020. Mwana wa kwa Kamenyagwaza lero apikisana ndi wa ku Karonga, wa ku Nsanje, ndi wa m'nyumba ya magetsi ku Lilongwe amene anali ndi mphunzitsi wapadera madzulo alionse.

Tsono mtsikana wathu anafuna udokotala. Sanayambe kuufuna atawona mapointi, iai. Pamene anali ndi zaka 11, mlongo wake wamng'ono anagwidwa ndi chibayo m'mwezi wa Juni, nyengo ija imene chisanu chilowa ndi m'mafupa momwe kuno ku mapiri. Tinamnyamula usiku pa ngolo, ndipo mtsikanayo ndiye anamfukata njira yonse, chifukwa amake anali ndi pakati. Kumene tinafika tinapeza munthu mmodzi yekha wovala zoyera, odwala ali mbwee pa khonde. Anachita zimene anatha, koma kunacha mwana atapita. Za imfa imeneyi mtsikana wathu sakamba konse. Koma kuyambira chaka chimenecho, aliyense womfunsa chimene adzakhale atakula analandira yankho limodzi.

Ndipo pa makomo onse a maphunziro m'dziko muno, la udokotala lili pakati pa opapatiza koposa. Kale kunalibe ndi khomo lomwe. Daniel Malekebu wa ku Chiradzulu anachita kuwoloka nyanja yamchere kukaphunzira ku Meharry Medical College, mu mzinda wa Nashville ku America, natsiriza m'chaka cha 1917. Kamuzu Banda anatsiriza pa sukulu yomweyo m'chaka cha 1937. Kwa zaka zambiri pambuyo pa ufulu, mwana wa Malawi wofuna udokotala anali kutumizidwa kunja. Sukulu yathuyathu, College of Medicine, inayamba ku Blantyre m'chaka cha 1991, pafupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Ndipo m'chaka cha 2021 anaiphatikiza ndi Kamuzu College of Nursing, nizikhala yunivesite imodzi ya zaumoyo imene tatchula ija. Dokotala saphunzitsidwa ndi choko chokha. Afunika chipatala, odwala oti awaone, ndi madokotala akulu oti aime pambali pake. Chifukwa chake malo sangachuluke msanga monga achulukira ana owafuna.

Pali chinthu china chimene ife, ngakhale tinapita ku sukulu, sitinachisamale poyamba. Pa maphunziro a zaumoyo, osankha sakondwera ndi mapointi okha. Ayang'anitsitsa maphunziro a ntchitoyo, ndiwo Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi. Mapointi 10 a mwana wathu anali otere: Biology 1, Chichewa 1, zaulimi 1, Chingerezi 2, masamu 2, Chemistry 3. Physics anapata 4, ndipo pakuti linali lachisanu ndi chiwiri silinalowe m'chiwerengero cha mapointi. Pa mudzi 10 anawala ngati mwezi. Koma pa thebulo la osankha, 1 wa Chichewa ndi 1 wa zaulimi sanathe kuphimba 3 ndi 4 aja. Chikomekome cha mkuyu, anatero akale.

Pamene nthawi ya mafomu inafika, tinakhala pansi pa khonde monga banja. Atsibweni ake a mwanayo anadza kuchokera ku Linthipe, pakuti ngakhale ife ndife bambo, mwambo wa kuno mudziwa nonse: nkhani yaikulu ya mwana siitha mwini mbumba asanalankhule. Iwo ananena mosabisa kuti udokotala ndi wa ana a anthu olemera, kuti zaka zake n'zambiri, kuti ang'ono ake atatu alinkudza m'mbuyo, ndi kuti mtsikana wanzeru alembe uphunzitsi pa mzere woyamba, atsirize msanga, ayambe kulandira. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero, "wa pa chala ngwamphepo." Mtsikanayo anagwada chapatali, nati ndi mawu otsika, "Ndamva, atsibweni. Koma ndipempha kuti mzere woyamba wokha mundisiyire. Yotsalayo mulembe inu akuluakulu." Atsibweni anapukusa mutu, koma sanakanitse. Ndipo mwanayo analemba pa pepala la m'kope mndandanda wake, udokotala pamwamba, kuti m'mawa mwake tikaupereke kwa mphunzitsi wake wakale amene analonjeza kutithandiza kulowetsa zonse pa intaneti.

Apa ndipo pafika pa manyazi athu. Kuti mumvetse, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Ife tinaphunzira ku seminale yaing'ono, kumene tinalowa anyamata ambiri ndipo ofika ku mapeto anali owerengeka pa zala. Titalemba Fomu 4 m'chaka cha 1998 tinaona kuti njira ya unsembe si yathu, ndipo tinatembenukira ku yunivesite. Masiku amenewo kunali mayeso ena olowera. Tinakawalemba ku Lilongwe, titavala nsapato zobwereka. Mayina a osankhidwa anali kutuluka m'nyuzipepala. Tinayenda pansi kukafika pa boma la Dedza, tinagula nyuzipepala ndi ndalama ya sopo ya amayi athu, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa paini kuwerenga mayina onse katatu, kuyambira pamwamba kufikira pansi, ndi kuyambiranso pansi kukwera. Lathu panalibe. Ulendo wobwerera ku mudzi tsiku limenelo sitinauiwale. Ndipo taona kuti munthu akhoza kukwatira, kubala ana, kuimirira pamaso pa anthu ndi kuwaphunzitsa zaka makumi awiri, koma mnyamata uja wa pansi pa paini akali m'kati mwake, nyuzipepala ili m'manja.

Usiku umenewo, onse atagona, tinatenga pepala la mwana wathu pa thebulo. Tinaliyang'ana nthawi yaitali. M'mtima tinati: akagwa pa udokotala, adzayenda ulendo umene tinayenda ife. Tsono tinang'amba pepala lina m'kope lomwelo, tinalembanso mndandanda wonse, uphunzitsi pamwamba, udokotala pa mzere wachinayi, ndipo tinayesetsa kufanizira kalembedwe kake. Pepala lake tinalipinda n'kulibisa m'buku. Tinadziuza kuti tachita monga bambo wosamala. Tinadziuzanso kuti udokotala sitinauchotse, tangoutsitsa.

Amake ana ndiwo anatigwira. Iwo analekeza Sitandade 6, koma dzanja la mwana wawo alidziwa monga adziwira kulira kwa mbuzi zawo. Mbandakucha, ali kusonkha moto, anaona pepala pa thebulo, nalitenga, nadza nalo kumene tinali kusamba m'maso. Sanakweze mawu, kuti ana angamve. Anati, "Bambo a ana, ichi n'chiyani? Dzulo munavomera pamaso pa achimwene anga. Mwanayu anafukata mtembo wa mlongo wake ali ndi zaka 11. Lero mukuti sangathe kunyamula kukanidwa? Amene mukumuteteza ndi mwanayu, kapena ndi inu nomwe?" Ife amene ntchito yathu ndiyo kuyankha mafunso a anthu, tinasowa chonena. Tinalowa m'nyumba, tinatulutsa pepala lija m'buku, tinaliwongola ndi chikhatho, ndipo lathu tinalipinda n'kuliika m'thumba la jekete kuti tikalitaye kutali.

Mphunzitsi uja, amene sanadziwe kanthu za usiku umenewo, ndiye anatisonyeza kukula kwa chimene tinafuna kuchita. Poyang'ana mndandanda wa mwanayo anati, "Wachita bwino kuika chovuta pamwamba. Ndi mapointi awa, akanaika uphunzitsi poyamba akanamtenga pomwepo, ndipo mizere ya m'munsi sakanaiyang'ana n'komwe." Pamenepo tinamva thukuta m'msana, ngakhale kunali mphepo. Kutsitsa kumene tinadzinyenga nako kunali kuchotsa ndithu. Ndipo mwanayo akanakhala moyo wake wonse alikuyesa kuti anagogoda nakanidwa, pamene bambo wake ndiye anatseka khomo usiku. Musatimve molakwa, abale: uphunzitsi si ntchito yonyozeka, ndipo ife amene mumatitcha aphunzitsi sitingaunyoze. Koma ukhale wa iye amene waufuna.

Komabe mphunzitsiyo sanamleke mwanayo osamdzudzula. Anamuonetsa kuti pa mizere yake yonse panali maphunziro opapatiza okhaokha, nati, "Mzere woyamba ndi wa mtima wako, koma ya m'munsi ikhale ya nzeru. Usamange mbuzi zonse pa chikhomo chimodzi." Anamuwerengera maphunziro ena a pa yunivesite yomweyo ya zaumoyo, amene ife a kumudzi sitiwadziwa chifukwa tiyesa kuti m'chipatala muli dokotala ndi namwino basi: za mankhwala, za mano, za kuwongola ziwalo, za unamwino ndi uzamba, ndi za kuyeza magazi ndi makhololo m'labotale. Anamuuza awerenge bwino maphunziro a Fomu 4 amene lililonse lifuna, pakuti mzere wolembapo chinthu chimene ulibe maphunziro ake ndi mzere wotayika. Anakhala maola awiri, kufufuta ndi kulemba. Pa mapeto pake udokotala unatsala pamwamba, za mankhwala pachiwiri, za labotale pachitatu, ndipo uphunzitsi wa sayansi, umene atsibweni anafuna, unakhala m'munsi monga mlonda wa pa khomo la kuseri.

Za ndalama tinene mwachidule, pakuti mudziwa nokha mmene chaka chimenecho chinalili. M'mwezi wa Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse, ndipo feteleza, sopo ndi minibasi zinakwera pamodzi. Fomu ili ndi ndalama yake yolipira, ndipo kulipira kwake kuli ndi lisiti limene muyenera kulisunga ngati mwana wakhanda. Tinakumba mbatatesi ya kudimba isanakhwime bwino, tinaigulitsa kwa mavenda a pa msewu pa mtengo wolira nawo, ndipo tinapita pa boma kawiri, chifukwa ulendo woyamba netiweki inagwa zonse zili pakati. Ndipo tikuchenjezani za adobadoba. Tili pa mzere, anatiyandikira mwamuna wina wovala bwino, nati adziwana ndi akuluakulu, ndipo tikampatsa mtengo wa mbuzi ziwiri dzina la mwana lidzatuluka pa mzere woyamba. Sitinampatse, koma tinene zoona, chimene chinatiletsa poyamba sichinali chilungamo, koma kuti mbuzi ziwirizo tinalibe. Pambuyo pake tinamva za banja lina la kufupi ndi Masasa limene linampatsa munthu wotere, ndipo sanaonekenso.

Kenaka kunadza kudikira, ndipo pa zonse kumeneku ndiko kunalemera. Miyezi inapita. Mtsikana amene anapata mapointi 10 anali kupalira nyemba, kuthirira kabichi ndi kusenza nkhuni monga ana ena onse, ndipo pakamwa pa anthu sipakhala chete. Ena anati, "Suja ankati dokotala?" Ena anayamba kutumiza ankhoswe mwa mseri, poyesa kuti sukulu yatha. Iye anangoti duu. Madzulo anali kutenga mabuku ake akale a Chemistry ndi kuwawerenga, ngakhale panalibe mayeso oti alembe, ndipo pamene tinamfunsa chifukwa, anati, "Ababa, ndikuopa kuiwala." Ife masiku amenewo tinali kudzuka pakati pa usiku, ndi kuganiza kuti kapena atsibweni ndiwo ananena zoona.

Mayina anatuluka tsiku lina madzulo, osati m'nyuzipepala monga kale, koma pa foni. Mphunzitsi uja anadza pa njinga yamoto, nkhungu itayamba kutsika m'phiri, ndipo tinadziwa poona kuti sanazimitse nyale kuti wabwera ndi kanthu. Dzina la mwana wathu linalipo, pa Kamuzu University of Health Sciences; koma linali pa mzere wachitatu, pa maphunziro a labotale. Amake analulutira, ang'ono ake anathamanga kukauza mudzi, agogo anafunsa ngati tsopano amubwezera mapointi ake aja. Mwini wake anati zikomo kwa mphunzitsi, atagwada, ndipo analowa kuseri kwa nkhokwe. Tinampeza alikulira, osati kulira kwa chimwemwe. Tinaima pamenepo osadziwa chochita ndi manja athu. Tinafuna kumuuza kuti zikwi za ana zagona usiku uno zopanda dzina pa mzere uliwonse. Tinafuna kumuuza kuti dokotala sapereka mankhwala a malungo kapena a chifuwa chachikulu asanamve kwa munthu wa m'labotale. Zonsezi n'zoona, ndipo tinamuuza masiku otsatira. Koma usiku umenewo tinangokhala naye pansi pa mwala, kufikira chisanu chinatiingitsa.

Ambiri a inu mwatifunsa ngati sitinong'oneza bondo kuti tinamlola kuika udokotala poyamba, popeza sanaupate. Iai. Anagogoda ndi dzanja lake, ndipo yankho analandira ndi lake. Adziwa chimene chinampereweza, ndicho Physics ndi Chemistry. Sanena kuti anamlodza, sanena kuti anambera, ndipo sayang'ana munthu wa m'nyumba mwake ndi diso lokayika. Chimene tinong'oneza nacho bondo n'china: kuti pamene anali Fomu 3, ndipo anatiuza kuti Physics ikumvuta, ife tinati, "Bola Chingerezi ndi Biology zili bwino." Tikanadziwa pamenepo zimene tadziwa tsopano, mbatatesi ija tikanaigulitsa chaka chimenecho, kumgulira buku ndi kumpezera womthandiza pa tchuthi.

Tinene ndi za mnyamata wina wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, pakuti nkhani yake itiwawa koposa yathu. Iye anaphunzira pa sekondale yoyendera, makilomita ambiri pansi tsiku ndi tsiku, sukulu yopanda labotale, kumene asidi anamuona pa chithunzi chokha. Ndipo ngakhale zinali choncho anapata mapointi 16. Kwa ife mnyamata ameneyu anachita chachikulu koposa mwana wathu, amene anali ku sukulu yogonera komweko, ya magetsi ndi zipangizo. Koma analibe womuuza. Analemba fomu yekha pa foni yobwereka, nadzaza mizere yonse ndi udokotala, zamalamulo ndi uinjiniya, chifukwa ndizo ntchito zimene anazimvapo mayina. Dzina lake silinatuluke paliponse. Tinampeza pa msika alikugulitsa kabichi wa eni ake, ndipo anatibisira nkhope. Tinamdziwa msanga, chifukwa tinakhalapo pansi pa mtengo womwewo. Mwayi wake ndi wakuti satifiketi siifa chaka chimodzi. M'zaka zimene ife taona, a NCHE akhala akulandira ndi amene analemba mayeso zaka ziwiri zam'mbuyo. Tinapita naye kwa mphunzitsi uja, ndipo analembanso, mzere woyamba wa mtima wake, yotsalayo ya nzeru. Inu amene muli ndi ana otere m'midzi mwanu, amene makolo awo sadziwa kuwerenga, musayembekeze kuti adze okha, manyazi sawalola.

Dzina likatuluka, ndalama ndipo ziyamba. Pali fizi, malo ogona, chakudya cha m'tauni kumene ndi masamba a nkhwani omwe agulidwa. Boma lili ndi bungwe lobwereketsa ophunzira osowa, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2015; lili ndi fomu yakeyake ndi nthawi yakeyake, ndipo chimene lipereka ndi ngongole, yoti mwana adzabweze akayamba ntchito. Tinalemba. Atsibweni, amene anatsutsa koposa onse, ndiwo anagulitsa nkhumba yawo nagula sutikesi ndi bulangete, ndipo podzapereka anati kwa mphwawoyo, "Ukakayeza magazi anga usadzandinamize." Kumeneko ndiko kupepesa kwa akulu.

Tsiku la ulendo tinamperekeza mbandakucha kufika pa mphambano ya Bembeke, pa msewu waukulu wa M1. Nkhungu inali itaphimba zonse, kotero kuti magalimoto tinali kuwamva asanaoneke. Amake anasenza sutikesi, ife tinakankha njinga imene inanyamula kathumba ka mbatatesi ndi nyemba. Amake atapatuka kukamgulira chimanga chootcha, mtsikanayo anatsegula kachikwama kake, natulutsa pepala lopindapinda, natipatsa. Linali lathu lija, la uphunzitsi pamwamba. Sitinalitaye, tinaliiwala m'thumba la jekete, ndipo iye ndiye amachapa.

"Ndinalipeza sabata yomweyo, ababa," anatero. "Chilembo cha g simulemba ngati ine."

Tinamfunsa chifukwa chimene sananenere kanthu miyezi yonseyo. Anati anaona kuti pepala limene linapita kwa aphunzitsi linali lake, ndiye panalibe mlandu. Tinayamba kunena mawu amene tinali titawakonza kalekale, koma basi inatulukira m'nkhungu, kondakitala alikufuula, ndipo panali kukangana za mtengo wa kathumba ka mbatatesi. Amake anadza chothamanga ndi chimanga, nampatsira pa windo. Basi itapita tinaima pang'ono, kenaka tinatembenuza njinga, pakuti kudimba kunali kabichi wosathirira.